Tambu ndi Nyasha ali m'nyumba zathu

Awa ndi mawu amene adalankhulidwa pa msonkhano wa amayi ndi atsikana kwa Chitukula. Tawaika pano kuti amene simudabwere muwerenge, ndipo muwawerengereko anzanu amene alibe foni.

Ndiyambe ndi kupereka ulemu kwa mafumu athu, anamkungwi, aphunzitsi, amayi a mother group, ndi inu atsikana amene mwaunjikana kumbuyoko. Tasunthirani kuno kutsogolo, nkhani ya lero ndi yanu.

Andiuza kuti ndilankhule za buku. Ndaona ena mwayamba kale kuyang'anana, kuti buku ife titani nalo ntchito ili mbwee kumunda. Dikirani kaye. Sindidabwere kudzaphunzitsa Chingerezi ayi. Ndikuuzani za anthu a m'buku limodzi, ndipo ndikamaliza mundiuze ngati anthuwo simukuwadziwa.

Mabuku ofotokoza kukula kwa mwana alipo ambiri. Kwathu kuno ambiri tidawerenga Nthondo, limene Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adalemba mu 1933. Limatsata mnyamata kuyambira kubadwa, unyamata wake wosamva, mpaka kukhala mfumu. Ku America kuli lina lotchuka kwambiri la J.D. Salinger, The Catcher in the Rye, la mu 1951. Mmenemo muli Holden Caulfield, mnyamata wa zaka 16 amene adachotsedwa sukulu n'kumangoyendayenda mumzinda wa New York, wokwiya ndi aliyense, wosungulumwa, ndipo amene amamumvetsera bwino ndi kamlongo kake Phoebe. Anthu akhala akumumvera chisoni Holden zaka zonsezi, amati ndi mwana wosokonezeka amene akufunafuna njira. Tsono ndikufunseni amayi: akadakhala mtsikana, wochotsedwa sukulu, n'kugona kunja masiku angapo, akadamutcha dzina lanji? Simuyenera kuyankha mokweza, mafumu ali pano.

N'chifukwa chake ndasankha buku la atsikana. Dzina lake ndi Nervous Conditions, lidalembedwa ndi Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, ndipo lidatuluka mu 1988. Ndi buku loyamba la nkhani yaitali limene mayi wachikuda wa ku Zimbabwe adatulutsa m'Chingerezi, ndipo mu 1989 lidapata mphoto ya Commonwealth ya chigawo cha Africa. Nkhani yake ikuchitika m'zaka za m'ma 1960, dziko lija likadali Rhodesia, nthawi imene agogo athu ankapita ku Halale kukagwira ntchito. Ndiye si kutali kwenikweni. Nsima yawo amati sadza, koma ndi yomweyi.

Woyamba ndi Tambudzai, amangomuti Tambu. Mtsikana wa kumudzi, pafupi ndi tawuni ya Umtali imene lero ndi Mutare. Ndalama zitavuta pakhomo, makolo adati apitirize sukulu ndi mchimwene wake Nhamo, iye akhale. Bambo ake a Jeremiah ankaona kuti mtsikana kuphunzira n'kutaya ndalama poti adzakwatiwa. Tambu, kamwana kosafika ndi zaka 10 zomwe, adapempha mbewu n'kulima kamunda kake ka chimanga kuti apeze fizi. Chimanga chitacha chidayamba kusowa. Wakuba adali ndani? Nhamo yemweyo, ankathyola n'kumagawira anzake kusukulu. Mphunzitsi wina, a Matimba, adamutengera ku tawuni kukagulitsa mondokwa wotsala, mzungu wina n'kupereka mapaundi 10. Ndalamazo zidasungidwa kusukulu, apo ayi bambo ake akadazitenga.

Koma mwayi weniweni, wopita kusukulu ya mishoni, udabwera mu 1968 Nhamo atadwala mwadzidzidzi n'kumwalira. Pakhomo padalibenso mnyamata woti amuphunzitse, ndiye adati basi apite mtsikanayu. Ndipo Tambu sabisa, amavomera yekha kuti imfa ya mchimwene wake siidamupweteke mtima. Ena mwagwira pakamwa. Inde n'zoopsa. Koma tisanamuweruze mwanayu tifunse: ndani adakonza zinthu mwakuti mtsikana apeze sukulu podzera pamanda a mlongo wake? Kuno pulayimale idakhala yaulere mu 1994, komabe fodya akagulidwa moipa ku Kanengo, kapena soya akatsika mtengo, ndipo ndalama ya yunifolomu, makope ndi yogonera ikukwanira mwana mmodzi yekha, amene amatsala mumamudziwa.

Wachiwiri ndi amene adamutenga Tambu, Babamukuru. M'Chishona dzinali ndi abambo aakulu. Kwa iwo mphamvu ili kuchimuna, kwathu kuno kwa Achewa munthu ameneyu ndi atsibweni, mwini mbumba, uja amene amagwira ntchito m'tawuni ndipo mudzi wonse umayang'ana thumba lake. Adaphunzira ku South Africa ndi ku England, ndi hedimasitala, amapemphera, salephera kuthandiza abale. Si munthu woipa mtima ayi. Vuto lake ndi limodzi: amene wadya chake asamuyankhe. Tsiku lina adalamula kuti makolo a Tambu, amene adakhala m'banja zaka zambiri, akadalitse ukwati wawo kutchalitchi. Tambu adaona kuti akufuna kuwasandutsa choseketsa, ndipo adakana kupitako. Adalandira zikoti 15, n'kugwira ntchito za wantchito wa pakhomo masabata awiri. Atsibweni amene muli pano, zikomo chifukwa cha fizi, Mulungu akudalitseni. Koma fizi sigula pakamwa pa mwana.

Wachitatu ndi mkazi wake, Maiguru, kapena kuti amayi aakulu. Tambu adadabwa atamva kuti mayiyu ali ndi digiri ya masters ngati mwamuna wake. Palibe ankazitchula. Amaphunzitsa, koma malipiro ake sawagwira, amathera kwa abale a mwamuna, ndipo pa Khirisimasi ndi iye wophikira chinamtindi cha anthu. Adapirira mpaka tsiku lina adanyamuka n'kuchoka masiku asanu. Atabwerako adayamba kulankhulako. Mwana wake wamkazi ankaziona zonsezi. Amayi, ana athu amaphunzira zambiri poona mmene ifeyo timakhalira chete kuposa zimene timawalangiza.

Tsono tafika pa mwana wamkaziyo, Nyasha, amene ndabwerera kuno. Adapita ku England ndi makolo ake ali wamng'ono, adakhalako zaka zisanu, pobwera Chishona chitamuthawa. Kumudzi ankati ndi wonyada. Kusukulu anzake ankati akudziyesa mzungu. Kunyumba bambo ake ankati alibe mwambo. Komatu sadadzitumize yekha ku England, adamutenga ndi makolo omwewo amene akumudzudzula. Ndi mwana wanzeru, wowerenga kwambiri, wofunsa mafunso: bwanji amayi sagwira ndalama zawo? Bwanji mchimwene wanga Chido amayenda mmene akufunira, ine ayi? Usiku wina atachedwa panja akucheza ndi mnyamata pochokera ku dansi ya kusukulu, bambo ake adamutcha hule n'kumumenya. Iye adabwezera. Kuchokera pamenepo nyumba ija idazizira.

Nyasha adasiya kulimbana ndi pakamwa, nkhondo idalowa m'thupi. Bambo ake akamukakamiza kumaliza chakudya, ankadya, n'kupita kukadzisanzitsa mobisa. Ankawerenga usiku wonse. Adaonda mpaka mafupa kuoneka, anthu ali naye m'nyumba momwemo. Matendawa madokotala amawatcha anorexia ndi bulimia, ndipo amapha. Usiku wina mutu udasokonekera, adang'amba buku ndi mano, kuswa zinthu m'chipinda. Atapita naye ku Salisbury, dokotala woyamba, mzungu, adati Mwafirika sadwala matenda otere, akungofuna kuti anthu amuone. Wachiwiri ndi amene adamugoneka m'chipatala. Ife timaseka dokotala uja, koma mawu ake timawanenanso tokha: zimenezo ndi za azungu, mwana wa kumudzi sadwala maganizo, akungofuna chikwapu.

Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Nthawi imene Nyasha ankamira, Tambu adali atapambana mayeso n'kupita kusukulu ya masisitere ya Sacred Heart, kumene atsikana achikuda ochepa adawapanikiza m'chipinda chimodzi. Nyasha ankamulembera makalata. Tambu adatanganidwa ndi maphunziro, kuyankha kudamuvuta. Munthu yekhayo amene ankamumvetsa adali atapita. Atsikana, mnzanu akakutumizirani uthenga usiku kuti sindili bwino, musangoika kachithunzi koseka n'kugona.

Atsala awiri. Mayi ake a Tambu, Ma'Shingayi, ndi mayi wotopa, amene adaona Nhamo akubwera kuholide akunamizira kuti waiwala chilankhulo cha kwawo, kenaka adamuika m'manda. Tambu akamapita patsogolo iwo amadwala, amasiya kudya, amati Chizungu chidzanditengeranso uyu. Ena amati mayiyu ndi wansanje. Ine ndikuti ndi mantha, ndipo mantha amenewo tili nawo ambiri pano. Mwana wasankhidwa kupita ku Likuni Girls kapena ku Lilongwe Girls, tavina, tamugulira sutikesi. Wabwera holide yoyamba, madzi a pachitsime akuti akumupweteka m'mimba, akuyankha mosakaniza ndi Chingerezi. Ife mtima uja phwii, basi tayamba kumunyoza: abwera adona, apatseni mpando. Osadziwa kuti kusukulu kujanso akumuseka chifukwa cha nsapato zake ndi kalankhulidwe ka kumudzi. Kuno mlendo, uko mlendo. Akagone kuti mwana ameneyu?

Wotsiriza ndi Lucia, mng'ono wa mayi ake a Tambu. Sadapite kusukulu, ali ndi mimba yopanda banja, mudzi wonse umamunena. Amuna atakhala pabwalo kukamba mlandu wake iye ali panja, adalowa, n'kugwira khutu Takesure, mwini mimbayo, kuti anene zoona. Kenaka adapempha ntchito kwa Babamukuru, adayamba kuphika ku hositelo ya atsikana, madzulo n'kumalowa kalasi yoyamba, mayi wamkulu. Ndipo Tambu atakwapulidwa, Lucia ndi amene adapita kukamuuza Babamukuru maso ndi maso kuti chilangocho chanyanya. Mwaona? Amene adaimirira mwana si wa masters uja poyamba, koma wophika nyemba. Ndiye pasapezeke mayi pano wonena kuti ine sindidaphunzire, ndingathandize chiyani.

Ndiye ndikufunseni monga ndidalonjezera. Tambu simukumudziwa? Ali ku CDSS, akuchita lendi kachipinda pa Nsaru kapena pa Kabudula, akudziphikira yekha, ufa ukatha sauza munthu. Nyasha simukumudziwa? Ndi uja tikuti wayamba mwano, uja wasiya kuseka, amangodzitsekera m'nyumba, nsima akungoitola pang'ono. Timathamangira kunena kuti ali ndi mimba kapena amulodza. Mwina. Koma nthawi zambiri mwana amene tikumutcha wamwano ndi mwana amene watsala yekha.

Malamulo tili nawo. Kuyambira mu 1993 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Mu 2017 aphungu adasintha malamulo aakulu a dziko kuti pasakhale ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Zimenezi tiziteteze. Koma Nyasha sadakwatiwe ali mwana, sadasowe fizi, ankagona pabedi labwino, ndipo adatsala pang'ono kufa. Lamulo limamubweza mwana m'kalasi, silingakhale naye pamkeka n'kumufunsa kuti chikukuvuta n'chiyani. Imeneyo ndi ntchito yathu.

Ndikupempha zinthu zitatu basi. Choyamba, mwana akabwera kuholide, tsiku loyamba musamuyese ngati akadathabe kusinja. Mufunseni za kusukulu, amene amagona naye pafupi, chimene chimamuliza. Akayankha zokupwetekani, mezani kaye malovu, amalize. Chachiwiri, anamkungwi ndi amayi a mother group, pa malangizo athu timalankhula ndife tokha, namwali ali chowerama. Tisiyeko mphindi zoti iyenso afunse, ndipo funso lake lisakafike kwa bambo ake madzulo omwewo. Chachitatu, mukaona mwana akuonda popanda chifukwa, sakugona, akudzicheka, kapena akunena zoti bola kufa, musadikire. Pitani naye kuchipatala, kaya ku Kabudula, kaya ku St Gabriel ku Namitete, kaya pa chipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi, ndipo mukanene momveka kuti vuto ndi la maganizo. Ku Lilongwe kuli a St John of God amene ntchito yawo ndi yomweyi. Atsikana, nambala ya 116 ndi yaulere, mukhoza kuimba nokha.

Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ana athu apita ndithu, ndipo tikufuna apite, abwere madokotala ndi maloya. Adzabwera atasintha, kalankhulidwe kena, maganizo ena. Chimene tingachite ife ndi kuonetsetsa kuti dziwe loyambali likadali ndi malo ake.

Aphunzitsi, ngati bukuli lili mulaibulale yanu, litulutseni m'kabati, atsikana awerenge mokweza n'kumasulira amayi awo. Atsikana, tsopano ndi nthawi yanu, ife tikhala chete. Ndani ayambe?