MAFONI AKAMALANKHULANA OKHA-OKHA, NDANI AGAWA MPATA?

Usiku uno tikambirane za cinthu cosaoneka ndi maso, ndico kagawidwe ka mpata wolankhulira pakati pa mafoni a m'manja.

Mukaimbira mnzanu foni, ngakhale ali tsidya lina la mseu, mau anu sapita kwa iye molunjika ai. Ayamba afika ku nsanja ya kampani, nalowa m'makina ace, ndipo pambuyo pace ndi pamene amfikira mnzanuyo. Nsanjayo iri ngati mfumu pabwalo la milandu: ndiyo iuza foni iri yonse nthawi yolankhulira ndi mafunde oyendamo mau ace. Nanga nsanja ikagwa? M'mwezi wa March 2019, namondwe wochedwa Idai atakantha mzinda wa Beira ku Mozambique, nsanja zinaonongeka, magetsi anazima, ndipo anthu anangogwira mafoni m'manja osatha kuitana wowathandiza.

Bvuto lotere linali litadziwika kale. Bungwe la 3GPP, limene limalemba malamulo a kayendedwe ka mafoni, linaika m'malamulo ace ochedwa Release 12, amene anatsirizidwa mu 2015, njira yakuti foni ilankhule ndi inzace popanda kudzera ku nsanja. Anali kuganizira makamaka apolisi ndi ozimitsa moto.

Tsono kutumiza mau sikubvuta. Cobvuta ndi kugawana mpata, pakuti mafunde a wailesi ali ngati munda wa malire. Mundawo anaudula m'timagawo: nthawi anaigawa kuti sekondi imodzi ikhale ndi zigawo 1,000, ndipo mafunde anawagawa m'timizere ta 180 kHz. Mafoni awiri oyandikana akatenga kagawo kamodzi nthawi imodzi, mau a onse awiri angathe kutayika. Akatswiri a ku University of Hawaii, motsogozedwa ndi Norman Abramson, anayamba mu 1971 kuyesa njira yochedwa ALOHA, m'mene makina ali onse ankangotumiza uthenga pamene afunira. Masamu anaonetsa kuti mwa njira imeneyo, pa magawo 100 a mpata, opindula nawo sapitirira 18. Bwalo lopanda mwambo limangodzala phokoso.

Cifukwa cace malamulo anaika njira ziwiri. Nsanja ikakhalapo, ndiyo igawa mpata, ngakhale mau eni ace apite molunjika. Ikasowa, foni idzisankhira yokha m'gawo la mafunde limene linapatulidwa kale.

Njira yaciwiriyi inakula mu 2017, pamene Release 14 inalola kuti magalimoto azicenjezana pa mseu pa mafunde a 5.9 GHz. Galimoto ingathe kulengeza malo ace ndi liwiro lace kakhumi pa sekondi imodzi. Isanasankhe mpata, iyamba yamvetsera zonse zimene zinanenedwa m'sekondi yapitayo, nisiya timagawo timene anzace atenga. Ikasankha kace, ilengeza kuti idzabweranso pomwepo, ndipo ikalankhulapo kasanu kufikira ka 15 ingathe kusankhanso. Uwu ndi ulemu umene makolo athu anaudziwa: uyambe wamva, ndipo ulankhule pambuyo.

Koma kumvetsera kuli ndi malire ace. Taganizani magalimoto awiri akudza ku mphambano, ina kucokera kumpoto, ina kum'mawa, ndipo pakati pao pali nyumba yaikuru yochinga mafunde. Sakumvana, kotero onse ayesa kuti kagawo kena kalibe mwini, nakatenga. Galimoto yacitatu imene iri pa mphambano peni-peni ilandira mau a onse awiri pamodzi, nkusamva kanthu, pa nthawi yomwe cenjezo lifunika koposa. Cinanso nciti? Wailesi yotere siitha kumva pamene irikulankhula, cotero awiri amene akulankhula nthawi imodzi sadziwa kuti awombana.

Mankhwala ace anadza mu 2022 ndi Release 17. Tsopano wacitatu uja, amene amamva mbali zonse, aloledwa kuthandiza. Angathe kuuza mnzace timagawo tabwino ndi toyenera kupewa, kapena kumcenjeza kuti kamene wasankha kali ndi mwini. Iye sakhala mfumu, angopereka uphungu. Komabe mutu umodzi susenza denga.

Musafulumire kuyesa kuti foni iri m'thumba mwanu icita zonsezi lero. Mafoni ambiri a m'masitoro sanapangidwe ndi nzeru imeneyi, ngakhale malamulo ace alipo. Cimene ndifuna mukumbukire ndi ici: pamene wogawa mpata palibe, dongosolo limatsamira pa zinthu zitatu, kumvetsera usanalankhule, kulengeza mpata umene watenga, ndi kucenjeza mnzako amene sangathe kumva cimene iwe wamva. Pa mseu, moyo wa munthu ungapulumuke cifukwa ca zimenezi.