Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Msonkhano Wathu wa Pachaka



Komiti inandipempha kuti ndifotokoze ntchito yanga, popeza ambiri mumangonditchula kuti Dokotala, moti m'mawa uno wina amafuna kuti ndimulembere mankhwala a nyamakazi. Pepani, udokotala wanga si wa ku chipatala. Ine ndinaphunzira physical chemistry, ndipo moyo wanga wonse ndakhala ndikufufuza kanembanemba kamene kamakuta selo iliyonse ya m'thupi.

Ulendowu unayambira mu Fomu 3. Tsiku lina aphunzitsi a sayansi anabwera ndi beseni la madzi, nawaza ufa pamwamba, nadonthezapo kadontho ka mafuta. Ufa uja unathawira m'mbali, mafuta n'kuyala. Tinayeza ndi rula, kuwerengera, n'kupeza kukula kwa molekyu imodzi. Chinthu chosaoneka ndi maso, ife n'kuchiyeza ndi rula ya pulasitiki! Usiku umenewo sindinaone tulo.

Ku yunivesite ndinalephera masamu m'chaka choyamba, ndinachita kulembanso. Ndikunena izi dala kuti mukauze ana anu: phunziro limeneli popanda masamu siliyenda. Nditatenga digiri ndinapita ku Britain kukachita PhD, kenako ndinagwira ntchito za kontrakiti ya zaka ziwiri kapena zitatu, osadziwa kumene banja lidzagone ikatha. Uphunzitsi wokhazikika wa pa yunivesite ndinaupeza imvi zitayamba.

Kumeneko ndi kumene ndinadziwa kuti beseni lija sanali masewera. Mayi wina wa ku Braunschweig ku Germany, Agnes Pockels, sanapite ku yunivesite. Ankasamala makolo ake odwala, nayesa mafuta ndi sopo pa madzi m'khitchini, ndipo mu 1891 Lord Rayleigh anathandiza kuti zimene anapeza zisindikizidwe m'magazini ya Nature. Mu 1925 Gorter ndi Grendel a ku Leiden anachotsa mafuta m'maselo ofiira a magazi, nawayala pa madzi, ndipo anaona kuti akuta malo owirikiza kawiri kukula kwa maselowo. Apo anazindikira kuti kanembanemba kaja ndi mafuta osanjikizana pawiri. N'kopyapyala zedi: mutasanja pafupifupi 200,000, m'pamene mungakwanitse milimita imodzi.

Ntchito yanga inali kuyeza momwe mchere umawolokera mpanda umenewu. Tinkagwiritsa ntchito timatumba ta mafuta totchedwa liposome, timene Alec Bangham wa ku Babraham pafupi ndi Cambridge anatifotokoza mu 1965. Malemu mayi anga ankandifunsa kuti, "Kodi zimenezi zithandiza yani?" Ndinkasowa choyankha, kufikira tsiku limene ndinawaona akusungunulira mdzukulu wao paketi ya Thanzi. Mu 1960 Robert Crane anafotokoza kuti m'matumbo shuga ndi mchere zimalowa limodzi pa khomo limodzi la kanembanemba kameneka. Madzi amatsatira pambuyo. N'chifukwa chake mwana wotsekula m'mimba amatsitsimuka akamwa madzi a mchere ndi shuga. Nawonso akatemera a Pfizer ndi Moderna a Covid-19, amene anatuluka mu 2020, amakutidwa ndi timatumba ta mafuta tofanana ndi timeneti.

Tsopano ndifike pa chimene chandiwawa. Dzulo a Mphunzitsi Wamkulu anandionetsa labotale yathu. Mipopi ndi youma, mabotolo ambiri ndi osweka, ndipo ana akuphunzira za dontho la mafuta pongoona chojambula pa bolodi. Pempho langa ndi lakuti chopereka cha chaka chino chipite kumeneko, tiyambe ndi madzi. Ine ndigula mabika ndi sikelo. A Msungichuma akhala pafupi ndi khomo, buku la malisiti ali nalo.