Madzi a M'chifuwa Odza ndi Nyongolotsi za M'nkhanu

Lero tikambirane za nthenda imene imafanana kwambiri ndi chifuwa chachikulu, koma mankhwala ake ndi ena.

Phapo la munthu lili ndi timakungu tiwiri topyapyala: kena kanakuta phapolo, kena kanayala mkati mwa nthiti. Munthu akadwala, madzi amatha kudzaza pakati pa timakungu timeneti ndi kupanikiza phapo. Wodwalayo amamva chilaso m'nthiti ndipo amapuma mobanika. Kuno kwathu madzi otere kawirikawiri amadza ndi chifuwa chachikulu, motero dokotala salakwa akayamba wayeza nthenda imeneyi. Koma ilipo nyongolotsi ina, dzina lake Paragonimus, imene imadzetsa zizindikiro zomwezi: kutsokomola kosatha, makhololo a magazi ooneka ngati dzimbiri, ndiponso madzi m'chifuwa.

Nyongolotsiyi ndi yofala ku China, Philippines, Vietnam ndi kumpoto chakum'mawa kwa India. Mu Africa muno imadziwika makamaka ku Nigeria, Cameroon ndi Liberia. Pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Nigeria, kuyambira 1967 mpaka 1970, anthu a kum'mawa kwa dzikolo anasowa ndiwo nayamba kudya nkhanu za mumtsinje zosapsa bwino, ndipo odwala anachuluka.

Ulendo wake uli motere. Mazira amatuluka m'makhololo kapena m'chimbudzi cha wodwala. Akagwera m'madzi amaswa tiana timene timalowa m'nkhono, kenaka m'nkhanu. Munthu akadya nkhanu yosapsa, tianato timaboola matumbo, timapyola mnofu wolekanitsa mimba ndi chifuwa, ndi kufika pakati pa timakungu tija. Pamenepo m'pamene madzi amayambira. Ikakula imalingana ndi njere ya khofi, ndipo ikhoza kukhala m'phapo zaka zambiri.

Tsono za mankhwala. Ambiri a inu mukuwadziwa mapiritsi owawa a praziquantel, aja amene ana amalandira kusukulu pothana ndi likodzo. Ndi omwewonso amene amapha nyongolotsiyi, koma muyezo wake ndi wosiyana kutalitali. Pa likodzo munthu amamwa mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, kamodzi kokha. Pa nyongolotsi ya m'mapapo amamwa mamiligalamu 25 pa kilogalamu iliyonse, katatu pa tsiku, kwa masiku awiri kapena atatu. Piritsi limodzi lili ndi mamiligalamu 600. Motero bambo wolemera makilogalamu 60, amene pa likodzo akanamwa mapiritsi anayi n'kutha, apa amwa awiri ndi theka m'mawa, masana ndi madzulo. Asanene munthu kuti, "Ndinamwa kale a likodzo, ndiye kuti ndachira." Sanachire ameneyo.

Mapiritsiwa amamwedwa pa nthawi ya chakudya, ndipo samatafunidwa. Ena amamva chizungulire, mutu, nseru kapena kupotokola m'mimba, koma izi sizikhalitsa. Aliponso mankhwala ena otchedwa triclabendazole, amene dokotala angapereke m'malo mwake.

Apa ndikupempheni mutchere khutu. Mwa mankhwala a chifuwa chachikulu alipo otchedwa rifampicin. Amenewa amafulumizitsa chiwindi kuphwanya praziquantel, kotero kuti mphamvu yake m'magazi imachepa kwambiri. Taganizani tsono za munthu amene anamuyesa wa chifuwa chachikulu pamene ali ndi nyongolotsi: amwa mapiritsi miyezi isanu ndi umodzi osachira, ndipo akapatsidwa mankhwala oyenera ali chimwere akalewo, nawonso sagwira bwino ntchito. Komanso nthenda ziwirizi zikhoza kukhala mwa munthu mmodzi. N'chifukwa chake wodwala asasiye yekha mankhwala a chifuwa chachikulu. Dokotala ndiye alinganize zoyamba ndi zotsatira.

Mapiritsi amapha nyongolotsi, koma madzi akachuluka sauma msanga. Dokotala amawapopa ndi singano pakati pa nthiti kuti phapo lifutukuke, ndipo madzi omwewo amawayeza pofuna mazira ndi zizindikiro zina. Amayi ambiri amaopa singano imeneyi, koma madzi okhalitsa amakhuthalitsa timakungu tija, ndipo zikatero pangafunike opaleshoni. Odwala ena, makamaka a madzi ambiri, amamwanso mankhwala kachiwiri, choncho tsiku lobwerera kuchipatala lisadumphidwe ngakhale kutsokomola kutaleka.

Ngati m'banja mwanu muli wina amene anapita ku maiko ndatchulawa pa malonda, pa maphunziro kapena pa ntchito, ndipo akutsokomola kosatha pamene makhololo ake sakuonetsa chifuwa chachikulu, auze dokotala kumene anali ndi zimene anadya. Dokotala sangayeze chimene sanachiganizire. Ndipo nkhanu ya mumtsinje, kulikonse kumene mwaigwira, iphikidwe mpaka mnofu wake upse mkati momwe. Mchere, viniga kapena mowa siziipha nyongolotsiyi. Mpeni ndi mbale zimene mwakonzera nkhanu yaiwisi muzitsuke ndi sopo musanaikemo chakudya china.