ZIMENE TINAONA POYENDA PANSI M'MZINDA WA LILONGWE

Mau onenedwa ndi Mlembi pa msonkhano wa Bungwe, olembedwa kuti afike kwa Mafumu ndi ziwalo zonse.

Pa msonkhano wapitawo munatituma ife anthu asanu ndi mmodzi kuti tikayende pansi m'mzinda wa Lilongwe pamodzi ndi mnyamata wodziwa mbiri yace, amene nchito yace ndiyo kutsogolera alendo. Ndipo lero tabwera kudzatula pamaso panu zimene tinaona. Ambiri a ife tapita m'mzindamo kosawerengeka pa galimoto, koma wokwera galimoto aona mseu wokha; woyenda pansi ndiye aona mudzi.

Tinayambira m'mamawa ku tsidya la kumadzulo kwa mtsinje wa Lilongwe, kumene kuli maofesi a Bwana Disi. Pamenepo mtsogoleri wathu anatikumbutsa kuti malo amenewo eni ace amati Bwaila, ndi kuti Boma linakhazikika m'dziko la mfumu Njewa m'caka ca 1902, ndipo pofika 1904 milandu ndi msonkho za dera lonse zinali kuweruzidwa pomwepo. Poyamba panali nyumba zowerengeka cabe. Cimene cinakuza Lilongwe ndico fodya. M'zaka za m'ma 1920 Azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. J. Wallace, anayamba kugawira anthu a m'midzi mbeu ndi kugula fodya wao wa cikopa, ndipo m'caka ca 1926 Boma linakhazika Native Tobacco Board kuti iyang'anire malonda amenewo. Miseu yocokera ku Dedza, ku Salima, ku Kasungu ndi ku Fort Jameson, kumene lero amati Chipata, inakomana pano, ndipo pamene pakomana miseu sipalephera kubadwa msika. M'caka ca 1927 George Simeon Mwase anayambitsa bungwe la anthu akuda a m'cigawo ca pakati. Ndipo m'caka ca 1947 Lilongwe anawerengedwa tauni.

Tsono tinaona ndi maso kuti mtsinje umene makolo athu anali kutungamo madzi unasanduka malire a mitundu. Ku tsidya la kumadzulo, kumene lero amati Area 3, kunali kwa Azungu: nyumba za makonde akulu, mitengo yamthunzi, ndi bwalo lao la gofu. Titaoloka mlatho tinafika ku masitolo a Amwenye, ku mzikiti ndi ku msika waukulu, kumene phokoso la ogulitsa usipa, nyemba, makasu ndi zobvala silileka kufikira madzulo. Kupitirira pamenepo ndi ku Mchesi, ku Kawale ndi ku Biwi, kumene kunakhala anthu athu. Ngakhale odwala anagawidwa momwemo: cipatala ca Azungu anali kuti Top, ndi ca anthu akuda anali kuti Bottom, ndiko kuti ca kumunsi. Dzina lonyazitsa limenelo linakhalitsa ngakhale ufulu utabwera, kufikira linacotsedwa, ndipo lero amati Bwaila Hospital. Pamenepa tiphunzirepo, abale, kuti dzina lakale la malo lingathe kubwerera ngati alipo anthu olikumbukira.

Pocoka ku tauni yakale tinatsata Kenyatta Road, ulendo woposa ora lathunthu, dzuwa lili pamutu. Pakati pa njira pali nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, imene omanga mzinda anaisiya dala, ndipo m'menemo asungamo nyama za m'thengo. Titaoloka Lingadzi tinalowa m'mzinda watsopano, umene amati City Centre. Mbiri yace ndi iyi: m'caka ca 1965 Boma la Dr. H. Kamuzu Banda linatsimikiza kusamutsa likulu la dziko kucokera ku Zomba, kuti citukuko cifikenso pakati ndi kumpoto. M'caka ca 1968 linakhazika Capital City Development Corporation kuti imange mzindawo. Ndipo popeza Britain anakana kupereka ndalama, ngongole yoyamba inacokera ku South Africa, dziko limene masiku amenewo linali kulamulidwa mwa tsankho. Pa 1 January 1975 Lilongwe anakhala likulu la Malawi. Tinaona maofesi a nduna pa Capital Hill. Tinaima pa manda a Dr. Banda, amene anamwalira m'caka ca 1997, ndipo cinyumba ca pamanda pace cinatsegulidwa mu 2006. Tinaonanso Nyumba ya Malamulo yomangidwa ndi thandizo la China, yotsegulidwa mu 2010.

Kucokera pamenepo tinakwera kumka ku Area 10 ndi Area 12, kumene akhala akulu a Boma, akazembe ndi eni cuma. Mtsogoleri anatilangiza kuti manambala a madera sasonyeza kuyandikana kwace. Kumeneko nyumba iliyonse ili m'kati mwa mpanda wautali, ndipo pabwalo pa banja limodzi pangakhale mudzi wa mabanja khumi. Koma amene tinakomana nao pa mseu anali alonda, ophika ndi olima maluwa, ocokera ku Kauma, monga a ku Mtandire alawirira ku Area 47. Kale mtsinje ndiwo unagawa anthu; lero agawidwa ndi mpanda ndi kutalika kwa njira.

Tsono tifike pa mtima pa nkhani yathu. Tili kupuma pansi pa mtengo wa mkuyu, mkulu wina wa m'gulu lathu, wa imvi mutu wonse, anafunsa mnyamatayo nati, "Mwana wanga, wanena bwino za Azungu, za nduna ndi za ndalama, nanga mudzi umene unali pano tisanasamuke, dzina lace ndani?" Mnyamatayo anawerama, nayankha mosabisa kuti, "Agogo, zimenezo m'mabuku amene ndinaphunzira mulibe." Pomwepo mkuluyo anaimirira nayamba kuloza ndi ndodo yace: uko kunali bwalo la milandu, uko kunali dimba la amai ace, uko kunali msitu wa manda. Koma pa malo ena anakayika, pakuti mseu unadula citunda ndipo mitengo imene anali kudziwira njira inagwa kale. Mnyamatayo anaturutsa pepala nalemba zonse, ndipo ife tinakhala cete ndi cisoni.

Sitimuneneza mnyamatayo, iai. Iye anatigawira zonse anali nazo, ndipo safunsa anadya phula, koma iye anafunsa. Mlandu uli pa ife. Mzinda uno sunamangidwe pa thengo lopanda mwini: unamangidwa pa minda, pa madambo ndi pa mabwinja a Acewa, ndipo midzi yambiri inasamutsidwa kuti likulu lipeze malo. Amene anali anyamata ndi asungwana m'caka ca 1968 lero ndi nkhalamba. Akapita iwowa, mbiri ya Lilongwe idzayambira pa Boma la 1902, ngati kuti kale lonse kuno kunali afisi okha.

Cifukwa cace tiika pamaso pa Bungwe zopempha zitatu.

1. Kuti Mafumu a madera ozungulira mzinda, monga a Njewa, a Tsabango, a Chimutu, a Chitukula ndi a Malili, aitane nkhalamba zao mvula isanagwe, ndipo alembi alembe maina a midzi yosamuka, a nyakwawa zace, a zitsime ndi a manda, pamodzi ndi nambala ya Area imene iri pamalopo lero.

2. Kuti zolembazo zisonkhanitsidwe m'buku limodzi la m'cinenero cathu, ndipo makope ace aperekedwe ku masukulu ndi kwa anyamata ndi asungwana otsogolera alendo.

3. Kuti Bungwe lipemphe akulu a mzinda mwaulemu kuti pa malo ena oyenera aikepo zikwangwani za maina akale pambali pa manambala, monga dzina la Bwaila linabwezedwa.

Zimenezi sizifuna cuma cambiri. Zifuna pepala, pensulo ndi miyendo. Akulu anati mau a akuluakulu akoma akagonera. Koma sangagonere ngati palibe wowasunga. Inu Mafumu, dziko ndi lanu, ndipo maina ace ali m'kamwa mwa anthu anu. Ife atumiki anu tatula katundu amene munatisenzetsa. Mau athu athera pomwepa.