Kodi yuniyoni imakwezadi malipiro? Tiwerenge manambala bwinobwino

Lero tikambe za ndalama, makamaka funso limene ambirife timangonong'onezana kuntchito: kodi kulowa yuniyoni, bungwe la ogwira ntchito, kumasintha kanthu pa malipiro?

Tiyambire ku America, kumene amawerenga zimenezi chaka ndi chaka. Mwezi uliwonse boma lakumeneko limafunsa mabanja pafupifupi 60,000 za ntchito zawo, pa kafukufuku wotchedwa Current Population Survey. Pa zotsatira za 2023, nthambi ya Bureau of Labor Statistics inapeza kuti mwa anthu ogwira ntchito tsiku lonse, wa mu yuniyoni ankalandira madola 1,263 pa sabata, pamene wopanda yuniyoni ankalandira madola 1,090. Kusiyana kwake ndi madola 173, sabata iliyonse.

Koma tisafulumire kuwomba m'manja. Choyamba, manambalawa ndi a munthu wapakati. Amandandalika anthu kuyambira wolandira zochepetsetsa mpaka wolandira zambiri, n'kutenga amene waima pakati penipeni. Amatero chifukwa mukaphatikiza malipiro onse n'kugawa, mabwana ochepa olandira zankhaninkhani amakokera nambala m'mwamba, zizioneka ngati aliyense zikumuyendera.

Chachiwiri, magulu awiriwa si ofanana. Chaka chimenecho, munthu mmodzi yekha pa 10 alionse ogwira ntchito anali mu yuniyoni. M'boma anali pafupifupi mmodzi pa atatu alionse, koma m'makampani anali 6 okha pa 100. A mu yuniyoni nthawi zambiri ndi achikulireko ndipo amagwira m'malo akuluakulu. Ndiye mukayerekeza mphunzitsi amene wagwira zaka 20 ndi mtsikana amene wayamba dzana mu lesitilanti, simunganene kuti kusiyana konseko ndi yuniyoni ayi. Akatswiri akayerekeza anthu a msinkhu, maphunziro ndi ntchito zofanana, kusiyana kuja kumachepa. Koma sikutha.

Tsopano apa ndiye pathu. Kafukufuku yemweyu amaonetsa kuti mpata wa malipiro pakati pa amuna ndi akazi ndi wocheperako mwa anthu a mu yuniyoni. Si matsenga. Yuniyoni ikakambirana ndi abwana, malipiro amalembedwa: giredi yakuti, ndalama zakuti, ndipo aliyense akhoza kuwerenga. Palibe zokakambira kuseri mu ofesi, kumene mwamuna akapempha zambiri amati ndi wolimba mtima, mkazi akapempha amati ndi wamwano.

Nanga kuno kwathu? Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limatipatsa ufulu wolowa yuniyoni komanso wolandira malipiro ofanana pa ntchito yofanana. Koma kafukufuku wa National Statistical Office wa 2013 anapeza kuti anthu 89 pa 100 alionse ogwira ntchito anali pa ntchito zosakhazikika. Taganizani za wantchito wapakhomo, woluka tsitsi ku saluni, wa ganyu. Ambiri a iwo alibe pepala loti n'kulozapo.

Ndiye asisi, mukaona nambala pa Facebook, muzifunsa kuti anafunsa ndani, ndipo akuyerekeza ndani ndi ndani. Lolemba mukafika kuntchito, kafunseninso ngati malipiro a giredi yanu analembedwa penapake pamene mungawaone ndi maso anu. Ngati sanalembedwe, kambiranani ndi anzanu, musapite nokha kwa abwana.