Ndalama ya diresi ikulowa pa nambala ya ndani?

Eni Chitumbuka mutikhululukire, tiyankhula m'Chichewa kuti anzathu a m'tauni amve nawo.

Kuno ku Katowo tili ndi atelala, oluka tsitsi, ojambula zithunzi pa zikwati. Ntchito timaidziwa. Koma kasitomala wa ku Mzuzu akalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ndalamayo imafikira pa nambala ya ndani? Enafe SIM inalembetsedwa pa chiphaso cha bambo a kunyumba, PIN amasunganso ndi iwowo. Iwe wachezera usiku kusoka diresi, m'mawa n'kumauzidwa kuti "sanatumize". Ukatsutsa ndi umboni uti?

Tsono inu atsikana amene mwaphunzira zamakompyuta, mukuti mutipangira ma app, timvereni kaye. Yambirani pomwe pali *211# ndi *444#. Zimenezi zimatheka pa kafoni ka mabatani, popanda bandulo. App yofuna intaneti yamphamvu ikagwire ku Area 47, kuno ayi. Tikufuna lisiti ya m'dzina la mwini ntchito: wandilipira uje, zingati, zatsala zingati. Mawu ake akhale m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, osati Chingerezi chokhachokha.

Chinanso, poonetsera ntchito zathu. Status ya WhatsApp imafufutika pakatha maola 24, foni ikabedwa zithunzi za zaka zitatu zapita. Tipangireni kalinki kamodzi kopepuka, koti kasitomala aone madiresi ndi mitengo, alipire pomwepo.

Podikira zimenezo, Loweruka bwerani ndi ziphaso zanu za unzika. Tikalembetse SIM, aliyense m'dzina lake.