Tisanasainire inshuwalansi ya antchito athu

Asisi, ambirife tili ndi saluni ku Area 47, shopu ku Old Town kapena kaofesi ku City Centre, ndipo talemba ntchito atsikana anzathu. Tikamawasankhira inshuwalansi ya chipatala, kaya ku MASM kaya kwina, tisamangoyang'ana ndalama ya pamwezi. Tifunse: sikelo ilimo? Nanga kubereka kwa opareshoni? Munthu adikira miyezi ingati asanayambe kuthandizidwa za uchembere? Njira zolera akulipira?

Tikumbukenso kuti lamulo la ntchito la 2000 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Inshuwalansi siyilowa m'malo mwa tchuthichi ayi. Ndipo kuchotsa mtsikana ntchito chifukwa choti watenga mimba ndi mlandu, ngakhale bwana ake titakhala ifeyo.